Galu wa Layitoni ndi Mphika wa Nankhoma

Mwambi umenewu unayamba motere, ana inu, ndipo musandiyang'ane choncho chifukwa ine ndinalipo. Ena adzakuuzani kuti ndi wakale kuposa ine, kuti unabwera ndi makolo. Asiyeni alankhule. Iwo anangoumva, koma ine ndinatola nawo mapale ake. Poti mzere wa katemera wa chiwewe sukuyenda, komanso ndatopa kukuonani mukukoka agalu anu pazingwe ngati mbuzi zopita kumsika, khalani pamthunzi pano ndikuuzeni.

Ndinali ndi mwana wa mlongo wanga, dzina lake Layitoni, telala wa ku Kawale mu Lilongwe. Atakwatira, unkhoswe unagwera ine. Unkhoswe ndi ntchito yopanda tchuthi: banja likagwedezeka pang'ono, amathamangira kwa iwe ngakhale uli m'bafa. Komabe kwa zaka makumi awiri anandiitana kawiri kokha, ndipo ndinkadzitama kuti ndinagwira banja labwino. Kenako kunabwera galu, ndipo mwezi umodzi wokha ndinayenda ulendo wa ku Kawale mpaka nsapato kutha chidendene.

Layitoni sanali munthu woipa, ayi. Matenda ake anali phuma. Akabzala chimanga kuseri kwa nyumba, tsiku lachitatu ankafukula kuti aone ngati chamera. Akavundika nthochi, ankavundukula katatu patsiku n'kumadabwa kuti sizikupsa. Ngakhale pamakina ake osokera, ankayamba kudula nsalu kasitomala asanamalize kunena chimene akufuna. Anthu angapo ku Kawale anavala masiketi atapempha madiresi.

Mkazi wake, Nankhoma, anali wosiyana naye ngati mvula ndi dzuwa. Anali wamawu ochepa, wochita chinthu chimodzi mpaka chithe. Mayi ameneyu anali ndi mphika wadothi umene anaumba mayi ake kwawo ku Mayani. Unali waukulu mimba koma wochepa kukamwa, wakuda bii ndi utsi wa zaka zambiri, ndipo nyemba zophikidwamo zinkakoma mwapadera. Mayi akewo atamwalira, abale anakanganirana mbuzi ndi munda, koma iye anangonyamula mphikawo n'kukwera basi atauika pamiyendo. Unkakhala pangodya m'khitchini, ndipo pakhomo ponse ankadziwa kuti saugwira munthu wina.

Tsiku lina akuba anadutsa masanasana n'kukolola nsalu za makasitomala zimene zinali pachingwe. Layitoni analumbira kuti afuna galu lero lomwe. Anamva kuti kunja kwa mzinda kuli bungwe lina limene limatola agalu otayidwa ndi ozunzidwa, n'kumawapereka kwa anthu ofuna kuwasamala. Anabwera kudzanditenga kuti ndikamuchitire umboni woti ndi munthu wabwino. Ndinavomera, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa chimene chinandigwira.

Tinalandiridwa ndi mayi wina woyang'anira agaluwo, a Nkhonjera. Anatiyendetsa m'makola, agalu akutilonjera ndi michira. Layitoni ankangodutsa, mphuno atakwinya.

"Awa ndi agalu oseka ndi aliyense," anatero. "Wakuba akabwera amuperekeza mpaka pamsewu."

M'khola lomaliza munali galu wamkazi, wamkulu, wofiirira, atadzipanikiza pangodya. Mano onse anali pamtunda, akulira chapansipansi, thupi lonse likunjenjemera. Layitoni anawomba m'manja.

"Amalume, uyu ndiye galu! Taonani manowo!"

"Bambo, mwamuona molakwika," anatero mayi Nkhonjera. "Uyu si wolusa, ndi wamantha. Zaka zitatu anakhala m'kabokosi ka matabwa, ali patcheni. Munthu yekha amene ankamuona anali wobwera ndi ndodo. Eni ake atasamuka anamusiya momwemo, tinakamupeza nthiti zikuwerengeka. Sanayendepo pamsewu, sanasewerepo ndi galu mnzake, sadziwa kuti dzanja la munthu limathanso kusisita."

"Ndiye ndi ameneyo," anatero Layitoni. Makutu ake anali atamva mawu amodzi okha, akuti tcheni.

"Mumve bwino, bambo. Anthu awiri anamutengapo, onse anamubweza. Nthawi iliyonse amabwerako mantha atachuluka. Akabwezedwa kachitatu sitidzamuperekanso kwa munthu, adzakalambira m'khola muno mpaka imfa. Mukamutenga, mumusiye asankhe ngodya yake. Chakudya muziika n'kuchokapo. Musamuyang'ane m'maso, musamugwire, mpaka abwere yekha. Pakutha pa mwezi ndidzabwera kudzamuona. Ndikadzapeza kuti zaipiraipira, ndidzamutenga."

"Kuti azolowere zimatenga masiku angati?"

"Amadziwa ndi galuyo."

"Kwa ine sabata imodzi basi," anatero Layitoni akusayina pepala. Ndinamutsina pamkono, koma anangoganiza kuti ndikumuyamikira.

Panjira anamupatsa dzina loti Namondwe, kuti akuba akangomva dzinalo aziganiza kawiri. Titafika pakhomo n'kutsegula bokosi, Namondweyo anakodza pomwepo ndi mantha, kenako anathamangira m'khitchini n'kudzipanikiza kuseri kwa mphika uja. Nankhoma anasuzumira, anaona mchira wokha ukunjenjemera, ndipo anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Sungeni, munati mukukatenga mlonda. Nanga mlondayu tizimulondera ndife?"

Sungeni anali mwana wawo amene anali atakwatiwa ku Kasungu, kotero pakhomopo panali anthu awiri okha ndi galuyo. Ine ndinatsanzika msanga, ndikuona kuti mitambo yayamba kuda.

Sipanathe masiku atatu, uthenga unandipeza: ankhoswe abwere. Ndinapeza mayi wina wogulitsa tomato ataima pakhomo, manja m'chiuno, akunena mawu amene sindingabwereze pamaso pa ana. Layitoni anali ataganiza kuti galu woopa anthu mankhwala ake ndi anthu ambiri nthawi imodzi. Anamukoka pachingwe mpaka kumsika, pa Loweruka, tsiku limene anthu amapondana. Wakabaza wina atangoliza belu, Namondwe anazungulira mbuye wake katatu, chingwe n'kumumanga miyendo. Layitoni anagwera pabenchi la tomato, benchi linagwera dengu la usipa, ndipo galu anathawa liwiro la mtondo wadooka. Atafika kunyumba wamadzimadzi ndi tomato, anapeza galuyo ali kale kuseri kwa mphika.

Ndinapepesa kwa mayi wa tomato mpaka pakamwa kuuma. Kenako ndinamukhazika Layitoni pansi.

"Iwe, mayi aja anati chiyani?"

"Anati azolowere anthu, amalume."

"Anati umusiye!"

"Ndimati ndimufupikitsire njira."

Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anagwedeza mutu ngati wamva, koma ndinadziwa kuti mawu anga alowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Tsono Layitoni anali ndi mnzake wa pabawo, Bitoni, amene anthu ankamutcha Pulofesa chifukwa panalibe funso limene analiyankhapo kuti sindikudziwa. Pulofesa sanawetepo ngakhale nkhuku, koma nkhani ya agalu anailandira ndi manja awiri. Anamuuza kuti galu wamantha amasowa ukali m'magazi, ndipo njira yake ndi ija ena amachita kumudzi: kusinja mavu n'kumusakanizira m'chakudya.

Kuseri kwa chimbudzi chawo kunali chisa cha mavu chachikulu ngati papaya. Munthu wanzeru akanayamba wadzifunsa. Layitoni anangotenga jumbo, n'kukwera pampando dzuwa lili pamutu. Atandiitana kachiwiri ndinapeza munthu wosamudziwa atakhala pakhonde, maso atatsekeka, milomo ngati mabanzi awiri. Ndinamuzindikira chifukwa cha tepi yoyezera imene inali m'khosi. Masiku atatu sanathe kulowetsa ulusi m'singano, ndipo anali ndi zovala za ukwati wa anthu zoti asoke.

"Nanga galu wadya mavuwo?" ndinafunsa Nankhoma.

"Mavu ndi amene adya, ankhoswe," anayankha akupitiriza kutsuka mbale.

Ulendo wachitatu ndi umene unandikwiyitsa zenizeni. Amayi a mvano anabwera kudzacheza kwa Nankhoma, atavala zoyera zawo, atakhala pamphasa akuimba. Layitoni, nkhope itayamba kuphwa, anaona kuti mwayi ndi umenewu. Analowa m'khitchini, anamunyamula galu ngati thumba la chimanga, n'kudzamuika pakati pa amayiwo.

"Musisiteni, amayi, saluma! Aliyense amugwire kamodzi kamodzi kuti azolowere!"

Manja khumi anatambasuka nthawi imodzi. Galu anakuwa ngati akuphedwa, anadumpha, mano n'kukola chitenje cha mayi wapampando. Chitenje chinapita ndi galu m'khitchini, mayi wapampando anatsala akudziphimba ndi buku la nyimbo, ndipo amayi ena anakwera pakhonde nsapato zili m'manja. Palibe amene analumidwa, koma nyimbo inathera pakati pa ndime.

Nditafika ndinaganiza kuti Nankhoma anena kuti galu achoke. Ndinali nditakonza kale mawu omugwirizana naye, chifukwa ine zinali zitandikwana. Koma iye anangoti, "Ankhoswe, galuyu sanalakwe. Ngati pali wofunika tcheni pakhomo pano, si iyeyu."

Ndinagamula kuti Layitoni asamugwirenso galuyo, asamuitane, asamuyang'ane, mpaka mayi Nkhonjera adzabwere. Analumbira atagwira pamtima. Ndimuchitire chilungamo apa: mnyamata uja galuyo ankamukonda. Ndinamumva akunena yekha kuti, "Sindikufuna akafere m'khola muja." Chikondi chinalipo, koma chinali chikondi chosadziwa kukhala pansi.

Tsono mverani chimene chinkachitika m'khitchini masiku onsewa. Nankhoma ankanena poyera kuti galuyo alibe naye ntchito. Ankamutcha mkazi mnzanga, poti mwamuna wake ankadzuka ndi dzina la galu n'kugona ndi dzina la galu. Sankamulankhula, sankamuyang'ana. Ankangolowa, kusonkha moto, kukhala pakampando kake n'kumasankha nyemba. Akamaliza kuphika ankaponya kachakudya cha kungodya kuja, maso ali kwina, ngati kamugwa mwangozi.

Sabata yoyamba galu ankadya pokhapokha m'khitchini mukakhala mopanda munthu. Sabata yachiwiri anayamba kutulutsa mutu kuseri kwa mphika. Pa ulendo wanga wachitatu uja ndinamuona ndi maso anga atagona pambali pa mphika, osati kuseri, maso akutsatira manja a Nankhoma. Tsiku lililonse ankasendera pang'ono, mwina kutalika kwa chala chimodzi.

M'mawa wa tsiku loti mawa lake mayi Nkhonjera abwera, galu uja anadzuka yekha, anayenda mapazi atatu otsalawo, n'kuika chibwano chake paphazi la Nankhoma. Mayi uja sanasunthe. Anakhala choncho mpaka mwendo kuchita dzanzi, madzi a tiyi akuphwera pamoto. Layitoni anaziona ali pakhomo la khitchini, ndipo m'malo mokondwa, mtima unamuwawa.

"Galu ndinakatenga ndine," anadandaula kwa Pulofesa pabawo. "Dzina ndinapereka ndine. Mavu analuma ine. Mawa mayi aja akadzati muitaneni, iye osabwera, adzati ndalephera n'kumutenga. Ndichite chiyani kuti pofika mawa akhale wanga?"

Pulofesa anatakata nkhomo zake, n'kuyang'ana kumwamba monga amachitira anthu oti akupeka.

"Achimwene, zimenezo n'zosavuta. Galu amalowa m'banja kudzera mumphika. Mugule fupa la mwendo wa ng'ombe, muliphike ndi manja anu mumphika umene banja lanu limadyeramo, uja weniweni wapamtima, n'kumupatsa nokha. Koma fupalo likhale lathunthu. Mukalidula, ubale nawonso umaduka."

Layitoni sanamalize n'komwe bawoyo. Anathamangira kwa butchala n'kusankha fupa lalikulu kuposa onse, lokhala ndi mutu ngati chibakera cha munthu wamkulu mbali zonse ziwiri. Butchala ananyamula chikwanje kuti alidule pawiri monga amachitira.

"Ayi, lisiyeni choncho!"

"Bambo, muli ndi mphika wotani kunyumbako? Limeneli ndi la mgolo."

"Inu gulitsani nyama, zophika zisiyireni ine."

Tsiku limenelo ine palibe anandiitana. Ndinapita ndekha, mtima utandiuza kuti munthu uja sangafike mawa osachita kanthu. Nankhoma anali atapita kuchigayo. Ndinapeza Layitoni atagwada pakati pa khitchini, atakokera mphika wa apongozi ake pakati pa miyendo, atathiramo madzi, fupa lili m'manja. Galu anali pangodya popanda chobisalako, maso ali tong'o.

"Layitoni, mphika umenewo ukuudziwa mwini wake?"

"Ndingobwereka kwa ola limodzi, amalume. Pobwera apeza nditatsuka."

"Fupa limenelo silingalowe."

"Lilowa. Likungochita manyazi."

Analiyesa mbali iyi, linakana. Analitembenuza, linakana. Anatenga mafuta ophikira n'kupaka mutu wa fupa ndi kukamwa kwa mphika, n'kulipotokola uku akubuula. Mutuwo unalowa theka n'kuima pomwepo, osapita mkati, osabwerera kunja.

"Mwaona, amalume? Layamba kumva."

"Amene wasiya kumva ndiwe! Lichotse bwinobwino, tikaphike mupoto."

"Pulofesa anati mphika wapamtima."

"Pulofesa wako ali ndi galu? Ali ndi mphika? Ali ndi mkazi?"

"Langotsala pang'ono chabe. Likufuna kulithandiza."

Ndinaganiza kuti akunena zowonjezera mafuta. Pamene ndinkapinda mawondo anga okalambawa kuti ndimulande mphikawo, iye anali atatambasula dzanja kuseri kwa chitseko n'kutenga munsi. Ndinakuwa dzina lake lonse, la ubatizo ndi la bambo ake. Anaukweza m'mwamba ndi manja awiri.

Ana inu, kumbukirani kuti pangodya panali galu amene kwa zaka zitatu munthu aliyense wokweza mtengo ankaukwezera iye. Ndinaona maso ake munsi uli m'mwamba, ndipo maso amenewo sindidzawaiwala.

Phwaa!

Fupa linalowadi, pamenepo Layitoni sananame. Linalowa n'kupitirira mpaka pansi, mphika n'kutseguka ngati dzungu logwa pangolo. Madzi anamwazika m'khitchini monse. Galu anadutsa pakati pa miyendo yanga, ine n'kukhala pansi m'madzimo, ndipo pamene ndinkadzuka ndinangoona mchira ukuzimirira pamwamba pa mpanda. Mpanda umenewo unali wofika m'khosi mwa munthu.

Tinangoyang'anana, ine ndi thalauza lonyowa, iye ndi munsi m'manja. Fupa lokha ndi limene linali lathunthu.

Nankhoma anafika ufa uli pamutu. Anatula, anaima pakhomo la khitchini, n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anagwada, anatola phale lalikulu la kumimba kwa mphika, pamene pankaoneka mizere imene mayi ake analemba ndi kamtengo dothi lili lofewa. Anaipukuta ndi chitenje, misozi ikugwera pomwepo. Ine ndaweruzapo milandu yambiri ya m'banja, koma tsiku limenelo ndinangoyamba kutola nawo mapale ang'onoang'ono.

Atadzuka anafunsa funso limodzi lokha.

"Mkazi mnzanga ali kuti?"

Layitoni anazungulira Kawale yense mpaka dzuwa kulowa, chingwe dzanja ili, fupa dzanja linalo, akukuwa kuti, "Namondwe! Namondwe!" Anthu ankayang'ana kumwamba n'kuyamba kuanula zovala. Galu sanapezeke, ndipo ine ndinagona komweko chifukwa nkhoswe sathawa nyumba ikuyaka.

M'mawa kunabwera uthenga woti pali galu m'kalavati, paipi yaikulu ija yodutsa madzi pansi pa msewu, cha kudambo. Tinapeza anthu atasonkhana kale, ena ndi miyala, ena ndi zibonga. Galu anali mkatikati mumdima, akulira chapansipansi, mano ali pamtunda ngati tsiku lija tinamuona koyamba. Bambo wina ankauza anzake kuti ndi wachiwewe, aphedwe asanalume ana.

"Ndi wanga, anabayidwa katemera!" anakuwa Layitoni, uku akugwada kuti akwawire mkati ndi chingwe chake. "Ndimukoka pompano!"

Pamenepo ndinaiwala ukalamba. Ndinamugwira lamba chakumbuyo, ndinamukhazika pansi pamtunda, n'kumukhalira pamiyendo. Inde, ndinamukhalira, ine munthu wa imvi, pamaso pa anthu.

"Ukasuntha," ndinamuuza, "unkhoswe ndautula lero, ukapeze wina wopenga."

Kenako tinaona Nankhoma akubwera pang'onopang'ono, lichero la nyemba pamutu, botolo la madzi m'khwapa, phale lija m'manja. Anayang'ana anthu a miyala aja mmodzimmodzi.

"Abambo, galuyu ndi wapakhomo panga. Sakudwala, wangoopsezedwa. Ndikupempha mupite kuntchito zanu."

Sanakweze mawu, koma miyala inayamba kugwa pansi yokha. Anthu atabwerera m'mbuyo, anatsikira pakamwa pa kalavati, anaika phale pansi n'kuthiramo madzi. Kenako anakhala pansi atafulatira galuyo, anatambasula miyendo, n'kuyamba kusankha nyemba ngati ali m'khitchini mwake.

Dzuwa linakwera. Anthu anatopa n'kumabalalika. Layitoni ankandifunsa mphindi iliyonse kuti, "Watuluka, amalume?" ndipo ine ndinkangomutsina. Cha m'ma teni tinamva galimoto ikuima pamsewu. Anali mayi Nkhonjera, atalozeredwa ndi anansi. Anamva nkhani yonse kwa ine, ndipo sindinabise ngakhale mavu. Anayang'ana Layitoni, anapuma mozama, n'kutsegula kumbuyo kwa galimoto kumene kunali ukonde wogwirira agalu.

"Ndidikira mpaka dzuwa lipendeke," anatero. "Akapanda kutuluka yekha, ndimugwira ndi ukondewu, ndipo mukudziwa kumene akupita."

Layitoni anayamba kulira mwakachetechete. Koyamba m'moyo wake anakhala malo amodzi osafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji.

Nyemba zinatha kusankhidwa. Nankhoma anasakanizanso zabwino ndi zoipa n'kuyambiranso. Thukuta linkatsika m'khosi mwake koma sanatembenuke ngakhale kamodzi. Dzuwa linafika pamutu, linayamba kutsetsereka, ndipo mayi Nkhonjera anayang'ana wotchi kawiri. Ine m'mimba munkalira ndi njala, ndikutukwana chamumtima tsiku limene ndinavomera unkhoswe.

Kenako pakamwa pa kalavati panaoneka mphuno. Inabwerera. Inaonekanso, ndi makutu omwe. Galu anatuluka chokwawa, mimba ikukhudza pansi, ananunkhiza phale lija nthawi yaitali. Kaya anamva fungo la ngodya yake, kaya ludzu lokha, sindikudziwa. Anamwa madzi onse. Atatha anazungulira, n'kuika chibwano paphazi la Nankhoma.

Layitoni anafuna kudumpha ndi chimwemwe, koma ndinamutseka pakamwa ndi chipewa changa. Patapita nthawi Nankhoma anadzuka, anasenza lichero, anatola phale, n'kuyamba ulendo wakunyumba osayang'ana m'mbuyo. Galu ankatsatira pambuyo pake popanda chingwe. Ife tinkabwera patali ngati operekeza maliro.

Pakhomo mayi Nkhonjera anatulutsa pepala lija, anafufuta dzina la Layitoni n'kulembapo la Nankhoma.

"Galu wasankha yekha," anatero. "Atsala. Koma inu bambo, muzingomupatsa moni chapatali."

Namondwe anakhala pakhomopo mpaka kukalamba, phale lija likhala mbale yake yomweramo madzi. Akuba sindikudziwa ngati anawauwapo, koma Layitoni akangodzuka pampando mothamanga, ankamuuwa ndithu. Panatha chaka ndi theka asanalandire chakudya m'manja mwake.

Koma ndisathamange, ndingafanane ndi mwana wa mlongo wanga. Tibwerere ku tsiku lomwelo. Galimoto itangochoka, ine ndikuti tsopano ndimwe madzi ndizipita, ndinaona kuti Layitoni palibe. Posakhalitsa anatulukira akupuma wefuwefu, atanyamula poto watsopano wonyezimira, mtengo wake udakali pachivundikiro. Anagwada pamaso pa mkazi wake, amene anali atakhala pakhomo la khitchini galu ali kumapazi.

"Mayi a Sungeni, ndalakwa. Nayu poto, ndi wamkulu kuposa uja, sasweka. Ndikhululukireni."

Nankhoma anatembenukira m'khitchini. Maso ake anali pangodya pamene mphika wa mayi ake unkakhala.

"Ndati ndikhululukireni. Lero lomwe, poti ankhoswe ali pano, tisawavutitsenso kubwera. Amalume, auzeni anene kuti zatha. Tangolandirani potoyu, mayi a Sungeni, mugwireni, tangomugwirani kamodzi kokha!"

Anayamba kumukankhira potoyo m'manja. Galu anadzutsa mutu n'kuyamba kulira chapansipansi. Ine ndinagwira mutu ndi manja awiri, ndikufunafuna ndi maso pamene panali munsi uja, chifukwa tsopano ndinkaufuna ndine.

Nankhoma anaika potoyo pansi modekha. Analoza phale, analoza fupa lija limene linali likadali pakhonde ntchentche zikulizungulira, kenako anayang'ana mwamuna wake m'maso koyamba chichokereni kuchigayo.

"Bambo a Sungeni, mwayambanso? Dzulo lomweli munaona ndi maso anu. Fupa lokakamiza limaswa mphika."